Kodi ma getter ndi ma setter ndi ofunika pa field iliyonse, kapena ndi mwambo wa Java chabe?

Mwana wa ku Malombe analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene yandizunguza mutu. Ndikulemba pulogalamu yaing'ono ya gulu la amayi ochita malonda a nsomba kuno ku Mangochi, amene amagula usipa ndi utaka kunyanja, kuyanika pa thandala, kenako n'kukagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe. Amayiwa ali ndi banki m'khonde yawo, ndipo akufuna kuti masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja zizilembedwa pa kompyuta m'malo mwa m'kope, chifukwa kope limanyowa, masamba amathothoka, ndipo tsiku logawana ndalama likafika pamabuka mikangano ya ziwerengero.

Kusukulu tinaphunzira Java, ndipo lamulo limene anatipatsa linali lakuti field iliyonse ya m'kalasi, kutanthauza malo osungira chinthu chimodzi monga dzina la membala, izikhala private, yobisika kwa khodi yakunja, ndipo pa field iliyonseyo tizilemba ma method awiri, tizigawo ta khodi togwira ntchito, imodzi yowerengera (getter) ndi ina yosinthira (setter). Motero kalasi ya Membala imakhala ndi getDzina ndi setDzina, getMudzi ndi setMudzi, getMasheya ndi setMasheya, mpaka fayilo imatalika kwambiri isanayambe n'komwe kugwira ntchito yeniyeni. Pulogalamu ya amayiwa ndikuilemba mu Python, koma mwambo uja ndapita nawo, moti ndili ndi get_dzina, set_dzina ndi anzake onse. Mnzanga wina amene amalemba Python kuntchito kwake ataona khodi yangayo anandiuza kuti ndifufute ma method onsewo ndipo ndizingolemba membala.dzina basi, ndipo anawonjezera kuti zimene ndalembazo ndi Java osati Python.

Apa ndiye pamene ndasokonezeka. Ngati kubisa ma field ndi chinthu chabwino mu Java, chingakhale bwanji chinthu chosafunika mu Python, pomwe zinenero zonse ziwirizi zili ndi makalasi ndi ma object opangidwa kuchokera ku makalasiwo? Kodi amene anakonza zinenero zimenezi anasemphana pa chiyani kwenikweni? Ndipo poti apa tikukamba za ndalama za anthu, zimene sindifuna kuti gawo lina la pulogalamu lizisintha mwangozi, kodi si kwanzeru kuti ndisiye ma setter angawo monga mmene alili, ngakhale akuoneka ochuluka?

Mphunzitsi wa ku Namwera anayankha:

Achimwene, mnzanuyo akunena zoona, komanso amene anakuphunzitsani Java sanakunamizeni. Kuti mumvetse chifukwa chake, muyambe mwaona vuto limene ma getter anabwera kudzathetsa. Mu 1972 David Parnas analemba kuti gawo lililonse la pulogalamu liyenera kubisa zosankha zimene zingadzasinthe m'tsogolo, kuti zikadzasintha magawo ena asadzagwedezeke nazo. Kasungidwe ka nambala mkati mwa object ndi chimodzi mwa zosankha zoterozo.

Nditenge chitsanzo m'pulogalamu yanu yomweyo. Tiyerekeze kuti lero mukusunga masheya a membala ngati float, mtundu wa nambala yokhala ndi tizigawo, m'makwacha. Pakapita nthawi mudzaona kuti float siisunga tizigawo ta ndalama molondola. Yesani kulemba 0.1 + 0.2 mu Python, yankho lake libwera 0.30000000000000004. Mukamawerengera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, tizolakwa timeneti timaunjikana, ndipo tsiku lina kompyuta idzasiyana ndi ndalama zimene msungichuma ali nazo m'manja. Pamenepo mudzafuna kusintha kuti muzisunga nambala yathunthu ya matambala, poti kwacha imodzi ili ndi matambala 100, ndipo muzigawa ndi 100 pokhapokha poonetsa munthu. Funso ndi lakuti, mukadzasintha mkati mwa kalasi chonchi, kodi ndi mafayilo angati akunja amene adzafunike kuwakhudza?

Mu Java, kuwerenga field kumalembedwa membala.masheya, pamene kuitana method kumalembedwa membala.getMasheya(), ndipo chinenerocho chilibe njira yochititsa kuti kalembedwe koyambako kaitane method mwakachetechete. Ndiye ngati munayamba ndi public field, tsiku limene mudzafune kuikapo kuwerengera kapena kufufuza, malo onse amene analemba membala.masheya ayenera kusinthidwa. Ngati khodi yonse ndi yanu, zida za masiku ano zimasintha zimenezo mosavuta, koma ngati kalasi yanu ili mu library, gulu la khodi yogawira ena, imene anthu osawadziwa akuigwiritsa ntchito, mwawathyolera mapulogalamu awo. N'chifukwa chake olemba Java amalemberatu getter lero ngakhale ilibe ntchito, podziteteza ku zamawa. Palinso chifukwa chachiwiri, chimene n'cha mbiri. Pamene JDK 1.1, mtundu wina wa Java, inkatuluka mu 1997 inabwera ndi dongosolo la JavaBeans, limene linakhazikitsa kuti zida zizizindikira ma property a kalasi, kutanthauza zinthu zimene imaonetsa kunja monga dzina, poyang'ana maina a ma method oyamba ndi get, set kapena is. Ma library ambiri amene anabwera pambuyo pake anatsamira pa maina amenewa, ndipo mwambowo unazika mizu kotero kuti ophunzira ambiri amauona ngati lamulo la chinenero, pomwe compiler ya Java, chida chomasulira khodi kuti kompyuta iiyendetse, sikakamiza munthu kutero.

Ena anaona vutoli kale Java isanabadwe mu 1995. Mu Smalltalk, chinenero chimene Alan Kay ndi anzake anakonza ku Xerox PARC m'zaka za m'ma 1970, munthu wakunja sangakhudze konse variable ya mkati mwa object, amangotumiza uthenga, ndipo method yowerengera nthawi zambiri imatenga dzina lomwelo la variable popanda get kutsogolo. Bertrand Meyer, amene anakonza Eiffel, anaika mfundoyi poyera mu 1988: wogwiritsa ntchito object sayenera kuona kusiyana, pa kalembedwe, pakati pa chinthu chosungidwa ndi chinthu chowerengeredwa nthawi yomweyo. Mfundo imeneyi imatchedwa Uniform Access Principle. Mu Eiffel mukalemba membala.masheya simungadziwe ngati ndi nambala yosungidwa kapena ndi function, ndipo mwini kalasi ali ndi ufulu wosintha popanda kukudziwitsani.

Python inafika pa mfundo yomweyi mu 2001, pamene Python 2.2 inabweretsa property. Lero mukhoza kuyamba ndi self.masheya wamba, ndipo tsiku lofuna kusintha likafika mumalemba chonchi:

    class Membala:
        def __init__(self, dzina, matambala):
            self.dzina = dzina
            self._matambala = matambala

        @property
        def masheya(self):
            return Decimal(self._matambala) / 100

Decimal ndi mtundu wa nambala umene umasunga tizigawo ta ndalama molondola. Khodi yonse yakunja imene inkawerenga membala.masheya ipitiriza kulembedwa chimodzimodzi, koma tsopano ikuitana method osadziwa. Popeza mwayi umenewu ulipo nthawi iliyonse, palibe chifukwa cholemberatu get_dzina lero, ndipo malangizo a kalembedwe ka Python, otchedwa PEP 8, amanena kuti pa zinthu zapafupi ndi bwino kungoonetsa dzina la attribute, imene ndi field ya mu Python, popanda ma method owerengera ndi osinthira. C# inatenga njira yofanana kuyambira pa chiyambi chake mu 2002, ndipo si zodabwitsa chifukwa Anders Hejlsberg anali atagwira kale ntchito pa Delphi, imene inali ndi ma property kuyambira mu 1995. Ruby nayo sionetsa ma variable oyamba ndi @ kunja, ndipo mukalemba membala.dzina = "chakuti" chimene chimachitika ndi kuitana method yotchedwa dzina=, imene attr_accessor imakulemberani mu mzere umodzi. Ngakhale PHP, imene ambiri kuno timalembera mawebusayiti, inalandira ma property hook mu PHP 8.4, mu 2024.

Mayi wa ku Monkey Bay anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino za kalembedwe, koma ine ndikufuna nditsindike pa funso lanu lomaliza, achimwene, chifukwa ndi limene likukhudza ndalama za amayiwo. Mukuganiza kuti ma setter anuwo akuteteza ndalama, pomwe sakuteteza kanthu. Method ya set_ngongole imene imangolandira nambala iliyonse n'kuisunga ili ngati bokosi la banki m'khonde lokhala ndi maloko atatu aja, koma makiyi onse atatu atapachikidwa pa bokosi pomwepo. Aliyense amene akanatha kulemba membala.ngongole = 0 akhozanso kulemba membala.set_ngongole(0), ndipo zotsatira zake n'zofanana ndendende.

Mwina munena kuti muikamo kufufuza, kuti setter izikana nambala yochepera ziro. Zimenezo zimathandiza pang'ono, koma malamulo enieni a gulu sakhala pa nambala imodzi. Magulu ambiri a mtundu umenewu ali ndi lamulo lakuti membala asabwereke kupitirira katatu masheya ake, ena salola kubwerekanso ngongole yakale isanathe, ndipo kulikonse ndalama zimene membala wabwereka ziyenera kuchoka m'thumba la gulu nthawi yomweyo. Lamulo lililonse pamenepa likumanga pamodzi zinthu ziwiri kapena zitatu: ngongole, masheya ndi thumba. Setter imaona chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Ngati muli ndi set_masheya ndi set_ngongole padera, ndiye kuti pakati pa kuitana yoyamba ndi kuitana yachiwiri object yanu ikhala mu mkhalidwe umene malamulo a gulu saulola, ndipo magetsi akazima panthawi imeneyo, kapena gawo lina la pulogalamu likaiwala kuitana yachiwiriyo, mabuku asokonekera popanda wodziwa.

Chimene ndimachita ine pa ntchito zoterezi ndi kufunsa kaye kuti kodi pa msonkhano wa gulu pamachitika chiyani. Palibe mlembi amene amaimirira n'kunena kuti ngongole ya mayi wakuti ikhale nambala yakuti. Chimene chimachitika ndi chakuti membala amagula masheya, amabwereka, amabweza, amalipira chindapusa akachedwa, ndipo pa mapeto a chaka gulu limagawana. Amenewa ndiwo ma method amene kalasi yanu iyenera kukhala nawo: gula_masheya, bwereka, bweza, lipira_chindapusa. Mkati mwa bwereka ndi mmene mufufuze ngati ndalamazo zikupitirira malire, ngati pali ngongole yakale, ngati m'thumba muli zokwanira, kenako n'kusintha zonse pamodzi kapena kukana zonse pamodzi. Ngongole ikhale yowerengeka kuchokera kunja, koma isakhale ndi setter m'pang'ono pomwe. Mu Python mukalemba property popanda setter, aliyense woyesa kuisintha amalandira uthenga wa cholakwa wotchedwa AttributeError. Mu Kotlin mumalemba private set pansi pa property, ndipo C# nayonso imalola kuti get ikhale public pamene set ili private.

Mfundo imeneyi si yatsopano ngakhale pakati pa olemba Java. Mu 2003 Allen Holub analemba nkhani imene inautsa mtsutso waukulu, yonena kuti ma getter ndi ma setter ndi oipa, ndipo m'chaka chomwecho Martin Fowler anadandaula za makalasi amene ali ndi ma getter ndi ma setter okhaokha pomwe nzeru zonse za ntchito zamwazikana kwina. Ine sindifika ponena kuti getter ndi yoipa, chifukwa lipoti la pa mwezi liyenera kuwerenga nambala kuchokera penapake, koma pa setter ndikugwirizana nawo ndithu. Java yeniyeniyo inasintha njira: ma record amene anakhazikika mu Java 16, mu 2021, alibe setter konse, ma field ake sasinthika object ikangopangidwa, ndipo method yowerengera imatchedwa dzina() osati getDzina(). Mu Python chofanana nacho ndi dataclass yokhala ndi frozen=True, imene ilipo kuyambira pa Python 3.7 ya mu 2018, ndipo ndi yoyenera kwambiri pa zinthu ngati mzere umodzi wa malipiro, umene ukalembedwa suyeneranso kusinthidwa.

Muchenjerenso ndi getter imene, chifukwa nayo imatha kutsegula khomo. Ngati Membala ali ndi mndandanda wa malipiro ndipo getter ikubweza mndandanda weniweniwo, ndiye kuti woulandira akhoza kuchotsamo mzere kapena kuwonjezeramo, ngakhale field ili private ndipo palibe setter. Ichi ndi cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri m'khodi ya ana asukulu. Mu Python bwezani tuple, mndandanda wosasinthika, yopangidwa kuchokera ku mndandandawo, ndipo mu Java gwiritsani ntchito List.copyOf, imene inabwera ndi Java 10.

Malo amene setter imagwiradi ntchito alipo ndithu. Nambala ya foni ndi chitsanzo chabwino: wina alemba yoyamba ndi 0, wina yoyamba ndi +265, wina asiya mipata pakati pa manambala. Setter ya property imene imachotsa mipatayo n'kusunga nambala zonse mu kalembedwe kamodzi ndi yothandiza, chifukwa lamulo lake likukhudza chinthu chimodzi chokhacho.

Mkulu wa ku Makanjira anayankha:

Ndikugwirizana ndi amayi pa nkhani ya ma setter, koma ndili ndi mawu pa zimene aphunzitsi ayamikira. Mfundo ya Meyer ija, yakuti wowerenga asaone kusiyana pakati pa chosungidwa ndi chowerengeredwa, imakomera mwini kalasi, koma mtengo wake amalipira ndi munthu wowerenga khodiyo pambuyo pake. Ndikaona membala.masheya, maso anga amandiuza kuti uku n'kungotenga nambala imene ili kale mu memory, chinthu chachangu, chosalephera, chimene ndingachibwereze kangapo popanda nkhawa. Ndikaona mabulaketi kumapeto kwa dzina ndimadziwa kuti pali ntchito imene ikuchitika. Property imafufuta chizindikiro chimenecho.

Pa kompyuta ya mu ofesi kusiyanaku sikuoneka, koma mwana wathu, inu mukulembera anthu a kunyanja. Ngati mudzagwiritse ntchito Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti, monga ambiri a Python amachitira, mudziwe kuti kulemba ngongole.membala pa field ya ForeignKey, imene imalumikiza ngongole ndi membala wake, kumatumiza funso ku database ulendo woyamba umene mwaikhudza. Mukazungulira mndandanda wa ngongole 30 n'kumasindikiza ngongole.membala.dzina pa iliyonse, mwatumiza mafunso 31, limodzi lotenga mndandanda ndi 30 otenga mamembala, pomwe pa khodi sipakuoneka kuitana kulikonse. Vuto limeneli limadziwika ndi dzina lakuti N+1, ndipo mankhwala ake mu Django ndi select_related, koma munthu amafunafuna mankhwala pokhapokha atazindikira kuti kadontho kaja sikanali kungowerenga. Ngati database ili pa kompyuta yomweyo simungamve kanthu. Ikakhala kutali ndi pulogalamu, ndipo funso lililonse likudutsa pa netiweki ngati ya kuno kwathu imene imabwera n'kupita, lipoti limene limayenera kutuluka pompopompo lidzadikiritsa amayi pansi pa mtengo mpaka ena atayamba kubalalika. Hibernate, chida cholumikizira Java ndi database, ili ndi khalidwe lomweli pa zinthu zimene imachedwetsa kutenga, moti ngakhale getter yolembedwa ndi get imatha kubisa ulendo wa ku database.

PEP 8 imene aphunzitsi atchula imachenjezanso pa mfundo yomweyi: imati property isagwiritsidwe ntchito pa zinthu zolemera kuwerengera, chifukwa kalembedwe kake kamapangitsa woitana kukhulupirira kuti n'zotsika mtengo. Olemba C# ali ndi langizo lofanana, lakuti ntchito yochedwa kapena yosintha zinthu ikhale method. Ndipo si okonza zinenero onse amene anavomereza ma property. Go, imene inatuluka ku Google mu 2009, ilibe ma property: field yoyamba ndi chilembo chachikulu imaoneka kunja kwa package, yoyamba ndi chaching'ono siioneka, ndipo mukafuna getter mumailemba nokha n'kuitcha Owner osati GetOwner. Rust nayo ilibe, ndipo C++ mpaka lero sinawaike mu muyezo wake. M'zinenero zimenezi mukaona kadontho popanda mabulaketi nthawi zambiri sipakhala khodi yobisika imene ikuyenda. Anthu amenewa ankawadziwa bwino ma property, anangosankha kuti wowerenga aziona zimene zikuchitika.

Sindikunena kuti kubisa kuitana n'kopanda phindu. JavaScript inakhazikitsa get ndi set mu ES5 ya mu 2009, ndipo Vue 2, chida chomangira masamba a pa intaneti, inamanga dongosolo lake lonse pa Object.defineProperty, kotero kuti mukasintha nambala tsamba limadzijambulanso lokha. Koma amene anagwiritsa ntchito Vue 2 akukumbukira kuti property yowonjezeredwa pa object pambuyo pake sinkazindikirika, ndipo munthu ankatha nthawi akufufuza chifukwa chimene tsamba silikusinthira, mpaka Vue 3 inasamukira ku Proxy mu 2020.

Za liwiro la getter wamba musade nazo nkhawa. Kale malangizo a Android ankati tipewe ma getter mkati mwa kalasi chifukwa pa Dalvik, chida chimene chinkayendetsa mapulogalamu a Android, kuitana method kunali kolemera, koma ART inalowa m'malo mwa Dalvik mu 2014, ndipo JVM ya masiku ano, imene imayendetsa mapulogalamu a Java, imachotsa yokha kuitana kwa getter yaifupi pa khodi imene ikuyenda pafupipafupi. Mu Python property imachedwerapo kuposa attribute wamba, koma pa gulu la anthu makumi angapo simudzakuona kusiyanako.

Mwana wa ku Malombe analembanso:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, amayi ndi akulu. Mmene ndamvera, dzina ndi mudzi zikhala ma attribute wamba, foni ikhala property yokhala ndi setter yokonza kalembedwe, ngongole ndi masheya zikhala zongowerenga, ndipo kusintha kulikonse kwa ndalama kudzera mu bwereka, bweza ndi gula_masheya. Koma pali chimene chikundidetsabe nkhawa. M'chitsanzo cha aphunzitsi nambala yeniyeni ili mu _matambala, ndipo ndayesa kulemba membala._matambala = 0 kuchokera kunja, Python yalola popanda kudandaula. Mu Java compiler ikanakana. Kodi pamenepa Python sikundisiya pa mbalambanda, makamaka poti mlembi wa gulu ali ndi mwana wake amene amadziwako za makompyuta ndipo laputopu izikhala kunyumba kwawo?

Mphunzitsi wa ku Namwera anayankhanso:

Mwaona bwino, achimwene, Python siletsa. Kamzere ka pansi kotsogolera dzina ndi pangano chabe pakati pa olemba mapulogalamu, lonena kuti ichi n'cha mkati, ukachikhudza zikakuvuta usadandaulire mwini kalasi. Mukaika timizere tiwiri, Python imasintha dzinalo kukhala _Membala__matambala, koma cholinga chake ndi kupewa kuwombana kwa maina pakati pa kalasi ndi makalasi obadwa kwa iyo, ndipo wodziwa dzina latsopanolo amalowabe. Komabe musaganize kuti private ya Java ndi chitetezo kwa munthu wa zolinga zoipa. Kudzera mu reflection, njira yofufuzira mkati mwa kalasi pulogalamu ikuyenda, method ya setAccessible imatsegula field ya private ya kalasi wamba, ndipo munthu amene ali ndi laputopu m'manja safunika n'komwe kuvutika choncho, chifukwa akhoza kutsegula fayilo ya database n'kusintha nambala, kapena kusintha khodi yeniyeniyo. Mawu a private, kaya okakamizidwa ndi compiler kaya a pangano, ntchito yake ndi kuteteza wolemba pulogalamu ku zolakwa zake ndi za anzake. Nkhani ya mwana wa mlembiyo ndi ya mtundu wina, ndipo yankho lake lili pa mawu achinsinsi olowera, pa kusunga kope la database kwa munthu wachiwiri pakutha pa msonkhano uliwonse, ndi pa kuwerenga poyera ndalama zotsala m'bokosi pamaso pa mamembala onse monga magulu amachitira kale.

Kwa akulu a ku Makanjira, mfundo yanu ndailandira, koma ndiwonjezere kuti ngakhale m'zinenero zokhala ndi ma property kusintha sikukhala kwaulere nthawi zonse. Mu C#, kusandutsa public field kukhala property sikusintha kalembedwe ka oitana, koma mkati mwake compiler imapanga ma method otchedwa get_Dzina ndi set_Dzina, choncho mapulogalamu amene anamangidwa kale pa library yakaleyo ayenera kudutsanso pa compiler, ndiponso property siingaperekedwe ngati ref kapena out, njira zololeza method kusintha variable imene yapatsidwa. N'chifukwa chake olemba C# amayamba ndi property kuyambira tsiku loyamba, makamaka kuchokera pa C# 3.0 ya mu 2007 imene inalola kuilemba mu mzere umodzi. Python ilibe vuto limeneli chifukwa imafufuza dzina pa nthawi imene pulogalamu ikuyenda.

Mayi wa ku Monkey Bay anayankhanso:

Achimwene, pa nkhawa yanuyo ndikulangizani kuti musasunge konse ngongole ngati nambala imodzi imene ingafufutidwe. Sungani mizere ya zochitika: tsiku, membala, mtundu wa chochitika, ndalama m'matambala, ndi amene walemba. Mzere ukalembedwa usasinthidwe, ndipo mlembi akalakwitsa alembe mzere wina wobweza cholakwacho, monga amachitira owerengera ndalama. Ngongole ya membala ikhale zonse zimene anabwereka ndi chiwongoladzanja chake kuchotsapo zonse zimene wabweza. Mukatero, _matambala ija imene mukuopa kuti wina aisintha siikhalaponso, ndipo wofuna kubera ayenera kufufuta kapena kupeka mzere, chinthu chimene chimaonekera mukayerekeza ndi kope la msonkhano wapitawo komanso ndi timabuku ta mamembala.

Koma mukatsata njira imeneyi, chenjezo la akulu a ku Makanjira likukhudzani mwachindunji, chifukwa kupeza ngongole kudzafuna kufunsa database ndi kuphatikiza mizere. Ine pamenepo sindingaike property. Ndingalembe method yotchedwa werengera_ngongole yokhala ndi mabulaketi ake, imene ingalandirenso tsiku, poti amayiwo adzafuna kudziwa ngongole monga inalili pa msonkhano wa mwezi watha osati ya lero yokha, ndipo property siingalandire tsiku. Pa lipoti la gulu lonse musaiitane method imeneyi pa membala aliyense payekha. Lembani funso limodzi la SQL, chinenero chofunsira database, lokhala ndi SUM ndi GROUP BY pa nambala ya membala, kuti mizere yonse iphatikizidwe ulendo umodzi.